Anadzazonda ine, osati wodwala

Okondedwa omvera, ndine mayi wa ku Chisepo, ku Dowa. Amuna anga anadwala khansa ya m'magazi, ndipo kuchipatala cha kunja anawaika mafuta a m'mafupa ochokera kwa mng'ono wawo. Potitulutsa, madokotala anandilangiza kuti thupi lawo lilibe chitetezo, choncho alendo asamalowe m'nyumba.

Koma kwathu kuno wodwala amazondedwa. Anthu ankabwera, ena atanyamula nkhuku, ine n'kumawabweza pakhomo. Posakhalitsa kunamveka zoti ndayamba matama chifukwa ndinakwera ndege. Njira yobwera kwathu inamera udzu, ndipo wolira naye ndinalibe.

Lachinayi lina kunafika mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu. Ndisanayambe n'kupepesa komwe, iwo anati, "Sindinadzere bambowo ayi. Ndadzazonda inu. Mwadya?"

Ndinalira ngati mwana. Anandigwira dzanja mpaka m'chigafa, tinakhala pansi n'kuyamba kusoka fodya. Sanandilalikire. Ndinawauza za mantha anga, za kutopa, ngakhale za mkwiyo umene ndinkachita nawo manyazi. Iwo ankangoti, "Nenani zonse, mwananga, fodyayu saulula."

Ankabwera Lachinayi lililonse. Fodya atatha tinayamba kutong'ola chimanga.

Lero amuna anga ali kumunda, akulima ngati kale. Mayi aja anatisiya. Koma ndikamva fungo la fodya wouma, ndimapezeka ndikulakalaka masiku ovuta aja, chifukwa cha iwo.

Anzanga, mukapita kukazonda wodwala, mufunsenso amene wakulandirani pakhomoyo ngati wadya.