Moni wa Agogo pa Foni

Thi, thi, thi. Anzanga omvera, mpaka lero ndimamvabe mtondo ukulira m'mawa, agogo akusinja mtedza kwathu ku Msakambewa. Ndiwo adandilera makolo anga atamwalira. Nditapeza foni, ndidayamba kujambula nsinjiro zawo ndi kuzitsatsa pa intaneti. Wogula akapezeka, ndinkakakweza katundu pa minibasi ku Mponela.

Tsiku lina mayi ena a lesitilanti ku Lilongwe adangolemba kuti, "Chidebe zingati?" Ndidawawerengera agogo.

"Osapereka ndi moni womwe? Bwera nayo kuno foniyo, ndiwalonjere ine."

Ndidawauza kuti ogula a pa intaneti amafuna yankho lachangu, ukachedwa amapita kwina. Sadandimvere. Adajambulitsa mawu awo modekha: mwadzuka bwanji mwanangu, ana ali bwanji, mvula yayamba kumeneko? Mtengo adautchula kumapeto kwenikweni.

Mayiwo adagula chidebe chimodzi, kenako adangoti zii. Mumtima ndinkati tathawitsa kasitomala wamkulu yekhayo amene tidali naye. Ine kukangana ndi agogo sindimatha.

Patapita masabata angapo, ndili pa siteji ku Mponela, kondakitala wina adandikodola.

"Achimwene, si inu mdzukulu wa agogo a nsinjiro? Mayi a lesitilanti aja foni yawo idabedwa. Akuti mudzaze ziwiri, koma muyambe mwawafunsa agogo kuti adzuka bwanji. Muwauzenso kuti ana ali bwino, mvula ndiye sinayambe."

Adandipatsira zidebe ziwiri zopanda kanthu, n'kudumphira m'minibasi itayamba kale kuyenda.