Fadlo Wopanda Womuyankha

Olemekezeka Mkulu wa sukulu ya ukachenjede ino, Dokotala Mounira Trad; olemekezeka aphunzitsi nonse, amene mwandilonjera m'Chifalansa ine n'kumangovomera ndi mutu; Abambo a tchalitchi ndi a Shehe, amene lero mwakwana pabenchi limodzi; Umm Nassif, mkazi wa malemu Fadlo Bou Nassif, mlakatuli amene watisonkhanitsa pano; ana athu a gulu la zachikhalidwe; amayi ndi abambo, ndakupatsani moni nonse.

Ine ndine Dib wa kumapiri. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, aphunzitsi ndi ine titagwirizana kuti tatopetsana. Choncho ndikuthokoza kuti mwandiimika pamaso pa anthu ophunzira, ndipo ndikuthokoza ana awa, amene asiya tulo ndi zibwenzi kuti dzina la mnzanga lisaiwalike.

Akuluakulu mukuidziwa zajal, nkhondo yathu ya ndakatulo: tebulo limodzi, botolo la mowa wa araki, alakatuli awiri otosana, kumbuyo kuli anyamata a ting'oma tam'manja akuvomereza. Mbali ina ya tebulolo kunkakhala Fadlo, mbali inayo ine. Tinayamba kunyozana m'maukwati tili ndi tsitsi, tinamaliza tonse tili ndi dazi.

Ndiye anabwera kwathu mtsikana uyu Rouba, amene akuyendetsa seweroli. Akuti, "Amalume, tikuchita sewero la moyo wa Fadlo."

Ine ndati, "Zabwino. Wosewera ineyo mupeze mnyamata wooneka bwino."

"Ayi amalume, ndi sewero la munthu mmodzi."

"Mmodzi? Fadlo yekha? Nanga azitukwana ndani, mpando?"

Ndinayesa nthabwala. Dzulo masana ndinabwera kudzaonera akuyeserera, ndinakhala kumbuyo uko. Abale anga, mnyamata uyu Ghadi atatulukira atavala jekete la Fadlo, akukoka mwendo ngati Fadlo, n'kukhosomola kachifuwa kabodza kaja kamene Fadlo ankagulira nthawi mawu akamuthawa, ndinaona Fadlo weniweni patsogolo panga. Munthu ndinamuponyera dothi ndi dzanja langali, uyu akuyendanso! Ndinachita chizindikiro cha mtanda. A Shehe, mukanakhalapo mukanachita nanu.

Kenaka mnyamatayo analoza mpando wopanda munthu, n'kuponya ndime ija: "Dib, mphuno yako yafika kale ku Beirut, iwe ukadali kumapiri kumanga nsapato!" Sekani, sekani, mphunoyo ndi iyi, ndabwera nayo. Koma atatero kunangoti zii. Iye n'kugwedeza mutu ngati wapambana, n'kupitiriza. Ndinati, kalanga ine! Ana awa apita kwawo akuganiza kuti moyo wanga wonse ndinkangokhala kukamwa yasa, Fadlo akundisenda ngati lalanje.

Chimene chinandiopsa koposa si mnyamatayo. Ndi ineyo. Umm Nassif ndi mboni: chimuikireni Fadlo sindinapekepo ngakhale mzere umodzi. Akandiitana ku ukwati ndimati pakhosi pakundipweteka. Pakhosi panalibe vuto, panalibe wondiputa. Koma dzulo ndinangopezeka ndaimirira, ndodo ili m'mwamba, mawu akutuluka okha: "Inde mphuno yatsogola, Fadlo, yapita kukasaka mlakatuli, poti kuno kumudzi yanunkhiza yalephera!" Sindinawakonze. Sindikudziwa kumene anabisala zaka zonsezi.

Ghadi anauma ngati mtengo. Akuti, "Amalume, zimenezo papepala palibe."

Ndati, "Mwanawe, Fadlo naye analibe pepala."

Rouba anathamanga atagwira kumutu. "Amalume, chonde! Mukatero mawa mwatiphera sewero. Mnyamatayu akasokonezeka sabwereranso mumzere, ndipo a Dokotala sadzatipatsanso holoyi."

Ndinamuyang'ana mwanayo, maso ali psuu ndi kutopa, ndinamva chisoni. Ndinalumbira pa buledi ndi mchere kuti lero nditseka pakamwa. Iye sanandikhulupirire, ndipo anachita bwino. N'chifukwa chake mwaona andikhazika pafupi ndi mkazi wanga Nazha, amene chigongono chake nthiti zanga zimachidziwa kuyambira tsiku la ukwati.

Tsono, olemekezeka, ana awa agwira ntchito yaikulu, ndipo aichita mwaluso loti nkhalamba yaona mzukwa masanasana. Muwamvetsere mwaulemu, muwaombere m'manja mosaumira. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Fadlo akaloza mpando uja, kukati zii, musafulumire kuseka ngati kuti wapambana. Malo amenewo ndi anga. Zii ameneyo ndi amene ndimadzuka naye, ndimadya naye, ndimagona naye chichokereni mnzanga. Mumusiye amveke pang'ono.

Rouba, mwana wanga, usandiyang'ane choncho. Ndalumbira, ndipo ndiyesetsa ndi mphamvu zonse zimene zatsala m'thupi muno. Koma mukamva mawu akuchokera pampando wakutsogolowu, Abambo ndi a Shehe mundiweruze mwachifundo, pakuti nonse mudzakhala mutaona ndi maso anu kuti wayamba ndi malemuyo.

Ndi mawu amenewa, mtima uli m'mwamba ndipo nthiti zili pangozi, ndikulengeza kuti sewero la Fadlo Bou Nassif latsegulidwa.

Zikomo kwambiri.