Foni Sinauzidwe za Phiri

Pa siteji ya pa Thyolo Boma, minibasi ya ku Limbe ikukanika kudzaza. Bambo wa nsapato zamatope akudinadina foni, ndipo mayi wogulitsa nthochi watopa nkuwayang'ana.

"Bambo, foniyo muiboola ndi chala."

"Ndili pasukulu, mayi. Kuesiteti akuti kapitawo wa zomanga aliyense aphunzire AI, nzeru za m'foni zija. Umaiuza nyumba imene ukufuna, iyo nkukujambulira pulani."

"Ndiye mwapumatu."

"Kupuma kwake kuti? Ndinaipempha pulani ya nyumba za othyola tiyi. Inajambula zokongola. Takumba maziko mpaka matuza, nkuona kuti khomo lakumaso likulowa m'dothi, lakuseri lili m'malere."

"Ii! Simunaiuze kuti malowo ndi otsetsereka?"

"Munthu wa ku Thyolo anganene zimenezo? Inu mukamagulitsa nthochi, mumauza anthu kuti ndi yokhota?"

"Itayeni basi, mubwerere ku chingwe chanu choyezera."

"Amanijala akuti Lachisanu ndibwere ndi pulani yolongosoka, apo ayi aitana wina wa ku Blantyre. Ndi imvi zonsezi ndikayambe kuthyola tiyi?"

"Nanga pano mwaiuza za phirilo?"

"Ndaiuza. Za phiri, za chiperoni, zonse."

"Yati bwanji?"

"Yapepesa. Ulemu wake kuposa mkamwini. Yati ndikunena zoona, ijambulanso ina."

"Ndi yakumvatu."

"Yakumva, mayi. Koma mawa iyo ikhala m'thumba pouma. Piki ndigwira ndine."