Geti la Chitsulo ndi Matabwa

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni.

Ambiri mumandidziwa ngati wowotcherera zitsulo, koma ine ndinali kalipentala. Ndinkakhoma zitseko ndi mafelemu a mawindo ku Old Town, kuseri kwa msika. Likulu litayamba kumangidwa, nyumba zikumera ku Area 12 ndi ku Area 15, ndinati nthawi yanga yakwana.

Ndiye kunabwera a Saidi, Msilamu, atachoka ku Joni kumene ankagwira ntchito ya zitsulo pa mgodi. Anabwera ndi kamakina kowotcherera, n'kutenga shedi yoyandikana ndi yanga. Anayamba kupanga mafelemu achitsulo. Chiswe sichidya, wakuba sathyola. Omanga nyumba onse anatembenukira kwa iwo. Onse, abale. Ine ndinkangokhala tsiku lonse kunola puleni yopanda chopala. Mayi a kunyumba anayamba kumanga katundu kuti tibwerere kumudzi ku Nsaru.

Apa ndinene zoona, poti Mulungu akuona. Ndinadziwa kuti chibwerereni a Saidi anali asanagule khadi la chipani. Tsiku lina m'mawa ndinavala jekete kuti ndikawanenere ku ofesi ya chipani. Ndipo ndinali nditakonza zowonjezera, zoti amanyoza boma. Bodza, abale. Bodza lenileni. Akuluakulu muli pano mukudziwa kumene bodza lotere limamufikitsa munthu.

Ndikudutsa pa shedi yawo, anandiitana.

"Achimwene, tabwerani mundionereko apa."

Anali ndi geti lalikulu la bwana wina wa ku Area 43, amene ankafuna matabwa pakati pa chitsulo.

"Ine mtengo sindiudziwa," anatero. "Ndayesa kawiri, matabwa akung'ambika. Ku Joni ntchito yotere timagwira awiri, wachitsulo ndi wamatabwa. Inu ndi amene mumadziwa."

Ndinaima pamenepo, bodza lili m'kamwa. Ndinayang'ana matabwawo, ndinaona kuti ndi aawisi, ndipo mabowo anaboola pafupi kwambiri ndi m'mphepete. Ndinavula jekete, n'kukatenga zida zanga. Kumene ndinkapita kuja sindinafikeko, mpaka lero.

Geti limenelo litaimikidwa, oyandikana ndi bwanayo anafunanso awo. Tinagwetsa khoma la pakati pa mashedi athu. A Saidi anandiphunzitsa kuwotcherera, ine ndinawaphunzitsa kusankha mtengo wouma. Amene tinawaphunzitsa ntchito, ena atsegula mashedi awo, ndipo mageti otere mukuwaona ponseponse. Kumudzi sitinabwerere.

Koma mtima sunandipatse mtendere. Patapita miyezi ndinawaululira zonse a Saidi. Iwo anati, "Mukanapita, ana anga akanadya chiyani?"

Ndinalira, ine munthu wamkulu, pakati pa zitsulo. Iwo anatola magalasi owotcherera n'kundipatsa.

"Valani. Ntchito ikudikira."

A Saidi sali muno. Iwo Lachisanu amapita ku mzikiti. Koma dzulo ndinawauza kuti lero ndidzanena izi pamaso pa mpingo, ndipo anati, "Kaneneni zonse, musasiyeko."

Ndanena zonse. Ndikuthokoza Mulungu amene anaimitsa miyendo yanga m'mawa umene uja, ndisanaphe munthu ndi pakamwa. Amayi, imbani nthungululu. Abale, kondwerani nane. Ameni.