Mmene Chidulo Chidachotsera aNangozo Mlandu wa Mjigo

Chaka chija mvula idachedwa, inu atsikana, ndidakhala tsiku lina osaona tulo, ndipo sikuti mwana ankadwala ayi. Chinkandisautsa n'chakuti madzulo ake ndidaona aNangozo, mayi wamasiye wokalamba wa kuno ku Kasinje, akukwera chitunda kuchokera kumtsinje, ndowa ili pamutu, miyendo ikunjenjemera, chonsecho mjigo uli pakhomo pawo penipeni. Manja asaime, zitongolanibe chimangacho.

Mjigowo udali utayamba kutulutsa madzi odabwitsa: potunga oyera mbee, koma akakhalitsa m'ndowa ankafiira, tiyi n'kumada bii, matewera n'kumatuluka ndi mawanga. Amayi ena adati ndi magazi, ndipo popeza aNangozo ndiwo ankasesa pamjigopo m'mamawa ena asanadzuke, komiti ya mjigo idati athiramo mankhwala, idawaletsa kutunga n'kugula loko wokhomera mjigowo.

"Akasese kwawo," adatero aNaphiri, apampando a komitiyo. "Tiyi wa abambo kunyumba wasanduka inki."

Anthu adaseka. Nanenso ndidaseka, koma ine ndinkadziwa.

Inu lero muli ndi labu yokhala ndi mipopi yake, koma nthawi yathu aphunzitsi a sayansi, a Kachingwe, ankabwereka mankhwala kusukulu ina n'kubwera nawo m'katoni panjinga, ndipo tinkaunjikana kalasi yonse pa kachubu kamodzi kagalasi. Ankati m'madzi mumasungunuka tizinthu tosaoneka ndi maso, ma-ayoni, ndipo kalikonse kamadziulula ndi mtundu wake ukakadonthezera mankhwala oyenera. Ukadontheza sodiyamu hayidirokosaidi, kopa amagwetsa nsenga zabuluu, chitsulo chimagwetsa zobiriwira zimene zimafiira zikakhalitsa pamphepo. Siliva naitireti akakumana ndi kolorayidi wa mumchere, madzi amayera ngati mkaka.

"Dontho limodzilimodzi, a Esinati," ankandiuza. "Simukuthira mchere m'ndiwo apa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Phunziro limenelo ndinkalikonda, koma ndidasiyira Fomu 3 pakati chifukwa cha mimba ya Tadala, ndipo kuyambira pamenepo ndinkaopa kutchula za sukulu, poti ndikangoyamba wina ankaloza mwana kumsana n'kunena kuti, "Asayansi athu, satifiketi yawo ndi imeneyo aberekayo." Choncho nditaona madzi akufiira pamphepo monga zinkachitira m'kachubu muja, mtima udandiuza kuti ndi chitsulo cha pansi kapena cha mapaipi, koma ndidatseka pakamwa kuti asandiseke. Masabata atatu, ana inu. Ndidasunga nkhope yanga, gogo n'kumasenza madzi pachitunda. Akulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma ine ndinkangopenya ngati mawa kulibe. Inu mukadzadziwa kanthu kopulumutsa munthu, nenani tsiku lomwelo. Kusekedwa kumatha, koma manyazi a kukhala chete sachoka msanga.

Usiku wosaona tulo uja utatha, m'mawa ndidatcheza chidulo cha phulusa la zitsononkho, chomwe chija timaphikira thelere, pokumbukira kuti a Kachingwe adatiuzapo kuti ndi m'bale wake wa sodiyamu hayidirokosaidi uja, kungoti n'chofooka. Ndidatenga matambula awiri agalasi, mu imodzi ndidathiramo madzi a pachitsime cha kudimba, n'kupita kumjigo kumene amayi adali pamzere.

"Lero thelere muphikira pano?" adafunsa aNaphiri.

"Ayi amayi, ndipopereni pang'ono m'tambulamu."

Ndidadontheza chidulo m'matambula onse awiri. Madzi a kudimba adangochita mbuu pang'ono. A mumjigo adayamba kuda, kenaka kufiirira, ndipo titadikira, nsenga zonga dzimbiri zidakhazikika pansi.

"Ichi n'chitsulo, amayi, si magazi, si mankhwala a munthu. Kiyi ili ndi inu masabata atatu, gogo sadafikepo pano, koma madzi akufiirabe. Itanani alangizi a zaumoyo adzawayeze bwino."

"Asayansi ayambapo," wina adatero kumbuyo, koma palibe adamuthandiza kuseka. ANaphiri adanyamula tambula ija, adaiyang'anitsitsa padzuwa nthawi yaitali, kenaka adamasula kiyi pansonga ya chitenje n'kundipatsa.

Ndidawapeza aNangozo akupinda nkhata kuti atsike kumtsinje. Ndidagwada, ndidawapatsa kiyiyo, ndipo ndidawafotokozera zonse.

"Wazidziwa liti zimenezi, mwanawe?"

Ndikadatha kunama kuti dzulo. "Tsiku loyamba lomwe, agogo."

Adandiyang'ana, adayang'ananso chitunda chija, kenaka adakankhira ndowa yawo kumapazi anga ndi ndodo.

"Ndiye nyamula. Khosi langa latopa."