Tsamba Limene Ndinalidumpha

Anzanga omvera, ine ndimadzitama kuti kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha. Kwathu ku Balaka kunabwera mabwana a mataye, ati tikasamala phiri lathu la miyala ya laimu, akunja azitilipira poti mitengo imayeretsa mpweya. Anthu anandipatsa chikalata kuti ndiwawerengere. Magalasi ndinaiwala kunyumba, koma manyazi oti ndiulule anandigwira, tsamba la timalemba ting'onoting'ono ndinangolidumpha. Tonse tinadinda zala.

Tsamba limenelo linatiletsa kulowa m'phanga la m'phirimo momwe timatapa zitosi za mileme zothira m'minda. Lero paphanga pali loko, chimanga chachita chikasu. Mabwana aja amangobwera kudzajambula mitengo, ife ngakhale moni iyayi.

Aneba anga anati, "Achimwene, mwatiwerengera bwino ndithu. Mileme ikulowa mwaulere, eni phiri tikupempha chilolezo."