Mtsuko wa Mayi Nankhoma

Zaka zija titangofika kumene kuno ku Leicester, amayi anu asanayambe n'komwe sukulu, Amalawi tinali ochepa moti ukamva munthu akuyankhula Chichewa m'basi unkatsikira pamene iye watsikira, ngakhale si kwanu. Lero inu adzukulu mwadzaza shedi yangayi ndi makina anu oumba pulasitiki, ndipo mukuti pofika madzulo akhala atatulutsa bokosi la sipika lozungulira ngati dzira, inu mukungoyang'ana. Sindikutsutsa, koma poti makinawo akuchedwa, khalani pabenchipo ndikuuzeni za munthu woyamba amene ndinamuona akuyesa ntchito imeneyi ndi manja. Iwe Tadala, ukhoza kuyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, bola uzimva.

Munthuyo anali a Mbewe, oyandikana nafe nyumba konkuno ku Braunstone, amene ankayendetsa basi mkati mwa sabata ndipo Loweruka ankatolera mawayilesi akufa. Anali atawerenga, ndipo inenso ndinakawerenga n'kupeza kuti n'zoona, kuti m'bokosi la makona mawu amagunda khoma ili n'kubwerera ku khoma linalo, pamene m'chinthu chozungulira alibe makoma oyang'anizana oti aziponyerana. Ena amakamba ngati kuti sipika yozungulira imadzutsa akufa. Ayi, kusiyana kulipo koma n'kochepa, ndipo amakumva ndi munthu wa khutu lofatsa. Kungoti a Mbewe sankakonda zinthu zochepa.

Nthawi imeneyo munthu unkayamba wapeza chikombole, chinthu chokhala kale ndi maonekedwe amene ukufuna, n'kuchipaka phula kuti chisagwire. Ukatero unkayala pamwamba pake nsalu ya faibagalasi, yoyabwa ngati chitedze, n'kuinyowetsa ndi rezini, madzi onanda onunkha amene amauma gwa tsiku lisanathe. Zikauma unkadula chigobacho pakati, kuchotsa chikombole, ndi kulumikizanso zigawo ziwirizo. A Mbewe anayamba ndi chibaluni, koma chinaphwa ntchito ili mkati, ndipo chimene chinatuluka chinali ngati dzungu lopondedwa ndi ng'ombe.

Tsono ku Highfields kunkakhala Mayi Nankhoma, namwino wachikulire amene tonse tinkamutcha amayi, ndipo anali ndi mtsuko wadothi woumbidwa ndi malemu amayi awo ku Dedza. Unali wokhawo kuyambira kuno mpaka ku Nottingham, choncho chinkhoswe chilichonse chinkaubwereka, chifukwa kupereka thobwa kwa akuchimuna m'botolo la pulasitiki kunkaoneka ngati chipongwe. Sabata imeneyo kunali chinkhoswe ku Normanton, ku Derby, wophika thobwa anali Mayi Mbewe, ndipo mtsuko unabwera kudzadikira Loweruka pamwamba pa kabati yawo. Mayi Mbewe anapita kuntchito, shifiti ya usiku. Bambo anali pa ofu.

Ndinangomva akundiitana pampanda. "Achimwene, tabwerani mudzaone chikombole chimene Mulungu watitumizira!"

Nditalowa m'shedi mwawo ndinapeza ntchito yatha kale, mtsuko uli nyezinyezi kuyambira m'khosi mpaka pansi.

"A Mbewe, umenewutu ndi mtsuko wa eni ake."

"Ndangoubwereka maonekedwe, achimwene. Dothi lake sindichotsako ngakhale kachidutswa."

"Phula munapaka?"

"Phula la chiyani? Ndaudzoza mafuta ophikira mpaka kuwala."

Inu obadwira kuno simungaone msanga pamene panalakwika, chifukwa miphika yanu yonse ndi yachitsulo ndi yagalasi. Dothi lootcha limamwa. Mtsuko umaziziritsa madzi chifukwa umatuluka thukuta, ndipo njira imene thukuta limatulukira ndi yomweyo imene mafuta analowera. Utatha mafuta, unayamba kumwa rezini.

M'mawa mwake a Mbewe anayesa kutukula chigobacho ndi nsonga ya mpeni, ndipo chinatukuka pamodzi ndi kachibanthu ka dothi. Anaika mpeni pansi. Mayi Mbewe anali ataima pakhomo la shedi, yunifolomu isanavulidwe.

"Bambo a Chisomo, mwautani mtsuko wa amayi?"

"Ndangouveka."

"Uvuleni."

"Ukukana."

"Ndiye valani jekete mukawauze amayi ndi pakamwa panu."

Koma a Mbewe anachonderera kuti chinkhoswe chidutse kaye, asasokoneze chimwemwe cha ana a eni, ndipo pamapeto pake akazi awo anavomera monyinyirika. Anaukulunga mtsuko m'chitenje mpaka m'khosi ngati mwana wodwala malungo, ndipo thobwa analithira m'kachidebe n'kukalowetsa mkati kuti lisatenge fungo.

Loweruka holo ya ku Normanton inadzaza, ndipo itafika nthawi ya thobwa Mayi Mbewe anasenza mtsuko, azimayi akuwavinira kutsogolo ndi kumbuyo, nthungululu zili pakamwa. Koma chitenje chimagwira padothi, parezini chimaterera. Atangogwedeza phewa, mtsuko unapulumuka m'nsalu muja, iwo n'kutsala ndi chitenje chokha m'manja, ndipo holo yonse inakuwa kuti, "Mayo ine!"

Mukakafunsa ku Derby lero akuuzani kuti unadumpha mpaka kudenga. Ine ndinalipo. Unadumpha kamodzi, kulekeza m'mawondo, unathira thobwa nsapato za ankhoswe, kenaka unagubuduzika pang'onopang'ono mpaka kukaima pamapazi a mwini wake. Ana anaseka, koma akuluakulu tinayang'ana nkhope ya Mayi Nankhoma. Iwo anawerama, anaugogoda ndi chala, anaununkhiza.

"Ndani?"

A Mbewe anagwada pathobwa pomwepo, suti ili m'thupi. "Ndine, amayi."

"Mumaufuna chiyani mtsuko wanga?"

"Sipika, amayi. Maonekedwe okha. Komabe taonani, wagwa koma sunasweke."

"Khalani chete, bambo a Chisomo," anatero akazi awo.

"Sunasweke, inde," anatero Mayi Nankhoma, ndipo sankaseka. "Koma mtsuko umapuma, a Mbewe. Ndikaweruka ndimamwa madzi a mu mtsuko uwu, ndipo amamveka kwathu. Inu mwautseka thupi lonse."

Wa zoimbira anali atazimitsa nyimbo. Mayiwo anausisita kanthawi pamene panali zidindo za zala za amayi awo, zimene tsopano zinkaoneka ngati zili pansi pa madzi oundana, kenaka anaukankhira kwa a Mbewe ndi phazi.

"Tengani. Poti madzi sudzaziziritsanso, mukauphunzitse kuyimba. Tsono dzukani, mukuchedwetsa chinkhoswe cha anthu."

Sindinaonepo munthu akugwira ntchito mofatsa ngati a Mbewe mwezi umenewo. Anasema thabwa lozungulira lolowa pakamwa pa mtsuko n'kumangirapo sipika, mkati anayalamo ubweya, ndipo kabowo ka waya anakaboola milomo ikunong'ona pemphero. Kunja anakwecha mpaka kusalala, koma penti sanapake, kuti dothi lizioneka. Tinaunyamula awiri pabasi kupita ku Highfields, ndipo a Mbewe anaika kaseti ya kwaya ya kwathu. Kunena chilungamo, unkamveka bwino, chifukwa dothi ndi lolemera ndipo silinjenjemera ngati thabwa lopyapyala. Mayi Nankhoma anamvetsera nyimbo yonse maso ali chitsekere.

"Amuna oimba besiwo akumveka ngati adya," anatero. A Mbewe anayamba kumwetulira. "Ukuyimba ndithu. Koma ine ludzu ndili nalobe. Tchuthi chanu chili liti?"

Ndipo tchuthi chitakwana a Mbewe, amene kwawo ndi ku Mchinji, atafika ku Malawi anayamba akwera basi ya ku Dedza asanakaone abale awo, ndipo anabwerako opanda chikwama cha zovala, malo ake atatenga mtsuko watsopano wokulungidwa m'mabulangeti.

Choncho ana inu, pangani masipika anu, ndipo ozungulira ndi okongoladi. Koma mukalowa m'nyumba ya munthu wamkulu kuno n'kuona kanthu kakale kali pakabati, musafulumire kuganiza kuti kangokhala. Funsani mwini wake kuti kamagwira ntchito yanji, ndipo akayamba kufotokoza, khalani pansi mumve mpaka atsirize.